Mphaka Wakana Bokosi la Wilisoni

Lachitatu, 22 Ogasiti 1956. Lero mtima wandiwawa.

Lemba bwino, Esinati, usadumphe mawu. Yohane wanga ndi kapitawo kumunda wa tiyi. Iwe ndiwe mphunzitsi. Wilisoni ndi kalipentala wodziwika ku Likhubula konse. Ana atatu ndinawatha kulera, koma mphaka mmodzi wandikanika.

Mphakayu timamutsekera m'nyumba kuti azigwira makoswe. Wilisoni anamukhomera bokosi lothiramo mchenga, la mkungudza weniweni, longa limene anaona kwa dona wina wachizungu. Koma mphakayo amangolinunkhiza, n'kuyetsemula, n'kuchokapo. Lero wakadzithandiza mu ufa umene tasungira alendo. Lichero lonse tataya!

Amayi ako akuti, "Abambo ake a Yohane, fungo la mkungudza limathamangitsa ndi njenjete zomwe, nanji mphaka?" Ine ndinakana kulichotsa bokosilo, poti ndi ntchito ya mwana wanga. Iwo anangotenga beseni lobooka, n'kuthiramo mchenga wouma, n'kuliika kuseri kwa chitseko. Chilombocho chinalowamo ine ndikuona, osachita ndi manyazi omwe.

Abale onse adzakumana pano Loweruka likubwerali, pa 25. Wilisoni akadzafunsa, udzamuuze kuti bokosi lokongola chotere si la mphaka, n'chifukwa chake ndaikamo jekete langa lakutchalitchi. Za beseni zija, iwe, usa...