Mabatani a malaya a mkamwini wanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno ku Chilenje tilipo. Mvula yatha, fumbi layamba, ndipo madzi pampopi akubwera m'mawa mokha. Ndimatunga kukangocha n'kuvundikira zidebe zonse monga munkachitira inu.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa munkadana ndi munthu wongofika pakhomo n'kuyamba kudandaula. Munkati, "Khala pansi kaye undiuze chimene chayenda bwino lero, zoipazo sizithawa." Misozi, mwana wa achemwali a ku Chelstone, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Ali ndi timakutu tating'ono ngati tanu, koma mawu ndi a munthu wamkulu. Mtengo wa mapeyala umene munabzala kuseri kwa nyumba wabereka koyamba. Repu anadyedwa ndi nsabwe, koma chibwabwa chachita bwino, tikudya mpaka kugawirako aneba.

Tsopano nkhani ya mkamwini wanu. Patapita miyezi yochepa titakuikani m'manda, a Tembo anagwa akutsuka minibasi imene ankayendetsa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo za kumanja zinafooka, pakamwa panapindika pang'ono. Mawu amatuluka, koma mochedwa. Ntchito yawo inathera pomwepo. Ine ndinapempha a madamu a ku Woodlands, kumene ndimachapa ndi kusita, kuti andidikire. Andidikira nthawi yaitali, sindingawanene. Koma sabata yatha anandiimbira foni kuti ndikapanda kufika Lolemba likubwerali, atenga wina. Mdzukulu wanu Chisomo ali pantchito ku Kitwe, sangasiye kuti adzakhale ndi atate ake. Choncho ntchito yanga yatsamira pa chinthu chimodzi: ngati a Tembo angathe kutsala okha kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mukundidziwa, amayi. Munkandiseka kuti ndimakiya chitseko n'kubwereranso kukachifunsa ngati chakiyika. Chitulukireni m'chipatala ndinkawachitira zonse: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwaveka. Ndinachotsa mphasa kuti asapunthwe, tebulo ndinalikankhira kukhoma, mbale zotha kusweka ndinaika pamwamba. Akangotsokomola, ine ndafika kale. Iwo anasiya kulankhula. Ankangoyang'ana khoma, ndipo anzawo akabwera kudzawaona ankandituma kuti ndikanene kuti agona.

Tsiku lina kuchipatala, namwino amene amaphunzitsa odwala kuyendetsanso ziwalo anandipeza ndikuwamanga mabatani. Anandigwira pamkono. "Amai Tembo, odwala ni ndani apa, imwe olo aba? Asiyeni avutike nalo batani. Manja anuwo muwakhalile ngati sakumvela." Anthu amene anali pabenchi anaseka. Ine sindinaseke.

Komabe m'mawa mwake ndinayesa. Ndinaika malaya pabedi, ndinakhala pampando, manja pansi pa ntchafu, monga namwino uja anandiuzira. Pamene batani loyamba linkalowa, madzi a tiyi anali atawira n'kuzizira. Analimanga pabowo losayenera, kolala n'kupendekeka, mbali imodzi ya malaya kutalika kuposa inzake. Ine amene ndakalambira pa kusita malaya a anthu ndinaona zonsezi koma sindinawakonze. Anavala choncho tsiku lonse. Kupambana kumeneko ndimakuwerengera kuti ndi kwanganso, si kwa iwo okha.

Zina zinatsatira, zazing'ono. Anagwira kapu ndi dzanja lamanzere. Tiyi wina anatayikira pathalauza, koma wambiri analowa m'kamwa. Anafika okha kuchimbudzi ndi ndodo, ine nditaima m'khitchini ndikupukuta mbale youma kale. Tsiku lina anati ndiwo zachepa mchere. Mchere anawaletsa ndipo akudziwa, koma ndinaona kuti ayambanso kufuna zinthu. Sikuti ndi masiku onse. Pali masiku amene mwendo umakana, amaponya ndodo pansi n'kunena kuti bola atangokutsatirani. Pamasiku oterowo ndimatola ndodoyo, ndimaiimika pamene angaifikire, n'kupita kukathirira m'dimba. Kulira ndimalirira komweko, pang'ono, kenako ndimabwerera kudzaphika.

Dzulo ndinati ndiyese kuwasiya. Ndinawaikira madzi, mankhwala, foni, ndi chakudya m'mbale yosavuta kutsegula. Ndinapita kumsika popanda chimene ndinkafuna kugula. Ndinazungulira matebulo a tomato mpaka mayi wina wogulitsa anandifunsa kuti, "Mugula, olo mufuna munthu?" Ndinagula anyezi amene ndinali naye kale kunyumba. Ndinadzikakamiza kukhala pabenchi ya telala mpaka dzuwa litafika pamutu.

Nditabwerera ndinapeza chitseko chili chotsegula. M'nyumba munalibe munthu, ndodo panalibe, foni inali pomwe ndinaisiya. Ndinayang'ana kubafa, kuseri kwa nyumba, m'ngalande ya pageti. Ndinatuluka pageti mothamanga.

Ndinawapeza kumsewu, pamthunzi wa pafupi ndi shopu ya ba Mulenga, aneba athu aja a ku Luapula, pamene amuna amasewera dirafuti ndi zotsekera mabotolo. A Tembo anali atakhala pakreti, akukankha ndi dzanja lamanzere, malaya omanga mokhota, timate pang'ono pachibwano. Ba Mulenga atandiona anakuwa moni wa kwawo kuti, "Shani ba mayo! Osatitengela munthu wathu, tikali kumudya apa." A Tembo sanadzutse n'komwe mutu. Anati, pang'onopang'ono monga amalankhulira tsopano, "Mwabwela msanga. Pitani kunyumba. Niluza mukaniyang'ana."

Kansalu kowapukutira kanali kale m'manja mwanga. Ndinakabwezera m'chikwama n'kubwerera kunyumba. Iwo anabwera okha dzuwa litapendeka, phazi likukwekwereza fumbi, ndipo anagona osadya chifukwa chotopa. Lero sanatuluke, akuti mwendo ukulemera. Za mawa sindikudziwa.

A madamu ndawaimbira m'mawa uno, ndawauza kuti Lolemba ndifika. Ba Mulenga avomera kuti azisuzumirako masana. Mtima wanga sunakhale pansi, ndipo ndikudziwa kuti njira yonse ya ku Woodlands ndizidzaganiza za sitepe ya pakhomo pathu, imene ndi yaitali. Koma basiyo ndikwera.

Atate mukawaona muwapatse moni. Inu ndimakukondani monga kale, ndipo sindinasiye kukusowani. Ndikulonjeza kuti a Tembo akadzakwanitsa kukwera basi, tidzabwera tonse awiri kudzalambula pamanda anu, ndipo khasu ndidzawapatsa iwo, ngakhale udzu wina utsale.

Ndine mwana wanu,
Esnati