Keke ya Bolleke

Tienen,
12 Novembala 2023

Okondedwa achimwene a Wannes,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Canada sichinakuumitseni zala, poti kulemba ndiye mwasiyiratu. Kuno ndi mvula yokhayokha. Chithunzi munkafuna chija ndaika mu envulopu momwemu. Musavutike n'kufunafuna, mayi woonda ali panjingayo ndi ineyo.

Munanena zoona, opaleshoni yochepetsa thupi ija inali yachidule. Chifu anachisoka n'kusiya kathumba kakang'ono, n'kukalumikiza ku matumbo pamalo amodzi basi. Shuga anatsika, maondo anasiya kupweteka, ndipo anzanga a kukwaya akuti ndabwerera kuutsikana. Ndimangoti zikomo. Koma achimwene, ndikanadziwa ndikanayamba ndadikira, chifukwa amayi sakundizindikiranso.

Mukudziwa kuti chilowereni kunyumba ya okalamba mutu wawo wakhala ukutaya zinthu, koma ine unali usananditaye. Ndikangodzaza pakhomo ankafuula kuti "Bolleke wanga!", dzina lija lotanthauza kampira limene linkandiliza kusukulu. Thupi litayamba kutha, anayamba kundiyang'ana nthawi yaitali asanandilonjere. Pano amanditcha mayi obweretsa khofi.

Lamlungu lapitali ndinawatengera keke ya mpunga monga mwa nthawi zonse. Anadula okha, ndipo chidutswa chachikulu anachivundikira ndi mbale.

"Ichi musakhudze, mayi. N'cha mwana wanga, akubwera."

"Amayi, ndine Goedele. Ndafika kale."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Inuyo? Mphepo itha kukuulutsani inu! Wanga akakhala pampando, mpando umadziwa."

Apa ndiye ndinachita zopusa. Dokotala anandiletsa zotsekemera, koma ndinavundukula mbale ija n'kudya chonse, mofulumira ngati kale, mpaka kunyambita zala, kuti mwina andikumbukire pa kadyedwe. Posakhalitsa thukuta linali kamukamu, mtima uli thithithi, chipinda chikuzungulira. Ndinagwera pabedi pawo. Anandifunditsa bulangete n'kumandisisita pamphumi.

"Pepani, mayi. Kwanu sakudyetsani eti? Komatu mwadya cha mwana wanga. Akabwera ndimupatsa chiyani?"

Analira, ndipo wowaliza ndinali ine.

Nditapezako bwino ndinatsikira kugalimoto n'kuwaimbira foni. Mawu anga okha, akakhala kuti sakundiona, amawadziwabe.

"Bolleke! Iwe mwana, unanditaya chifukwa chiyani? Kunabwera chimayi china chamafupa okhaokha, chakudyera keke yako."

Ndinkawaona pawindo, foni ili kukhutu, maso ali kumsewu. Ndinawalonjeza kuti ndibwera Lamlungu.

Ndakafunsa dokotala ngati angamasule zimene anasoka. Akuti n'zotheka, koma sangandibwezere matenda chifukwa cha keke. Akunena zoona, ndipo n'chimene chikundipsetsa mtima.

Pempho langa ndi limodzi. Pa Khirisimasi bwerani, musanamizirenso ntchito. Inu ndi chimimba chanucho adzakudziwani msanga. Mudzaime pambali panga, mudzandigwire paphewa n'kuwauza kuti uyu ndi Goedele. Mwina kwa inu adzamva, poti inu simunalakwepo pamaso pawo chibadwire.

Moni kwa alamu anga a Hilde ndi ana. Amayinso akupereka moni. Anandituma pafoni kuti ndikuuzeni kuti mundikalipire chifukwa chosapita kukawaona.

Ndine mlongo wanu,
Bolleke