Mchere Muzithira Nokha

Atate ake Felistus,

Ndakwera basi ya m'mawa, ndapita kuchipatala ku Katete. Pepani sindinakudzutseni, munali kuliza mkonono ngati chigayo cha pa Sinda.

Adokotala anandipima dzana. Magazi amene akhala akudontha kuyambira nthawi yokolola aja akuchokera pa kachilonda chabe, pakhomo la chiberekero. Lero akakaotcha ndi makina a magetsi kuti kapole. Si mdulo ayi, ndipo palibe mwamuna wa ku Vubwi amene anandipatsa matenda, monga mwakhala mukuuzira anzanu kumowa. Amayi anu muwauze kuti mizu yawo yoika kumusi ija ndataya kudzala. Inkangondiwonjezera ululu.

Dzulo munati makinawo akandipsereza chiberekero, sindidzabalanso. Udokotala umenewu munauphunzira kuti, inu amene munakomoka poona Felistus akumubaya jekeseni ya chikuku?

Ndigona kwa akulu anga kuseri kwa msika, ndibwera mawa. Mbuzi muzitsekulire, ndipo ana asapite kusukulu ndi njala.

Miyezi yonseyi mwandiletsa kuthira mchere m'ndiwo, ati popeza ndikutaya magazi ndingakudwalitseni. Koma kumphasa kokha matenda simumawaopa, ngakhale ndikulira ndi ululu. Tsopano adokotala ati mwamuna asandiyandikire mpaka chilonda chipoleretu, ndipo chimatenga nthawi. Mukafuna kutsutsa, mubwere mudzatsutsane nawo pamaso, osati kumowa.

Mphasa yanu ndakuyalirani kale kukhitchini. Mchere uli pomwepo chakumutu, muzithira nokha.

Ndine,
Amake Felistus