Kalenzi Munatumiza Kaja

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo ndithu.

Kalenzi ka kamera munatumiza kaja kanafika. N'kopepuka ngati dzira, moti kamera yonse ikukwana m'chikwama changa cha m'manja. Kale pa ukwati ndinkathamanga uku ndi uku, thukuta kamukamu, kuti anthu akwane m'chithunzi. Pano ndimangoima pamodzi n'kupotokola: holo yonse imalowa. Ndikapotokolanso, nkhope ya mkwatibwi imabwera yokha pang'onopang'ono, ngati kumaloto.

Amayi akukakonda kwabasi. Masana ndimawatulutsira mpando pakhonde, n'kuwaikira kamera pamiyendo. Akapotokola kalenzi, amakoka geti kubwera pafupi, amalibweza. Amakoka zovala za pachingwe, mphepo ikuzivinitsa, n'kumamwetulira okha. Dzulo analozetsa kumapeto kwa msewu, pamene munakwerera basi paja, n'kupotokola mpaka kanakana kupitirira.

"Kamathera pomwepa?" anandifunsa.

Ndinati eya.

"Umuuze atumize kofika patali," anatero, kenako n'kuyamba kusinza.

Mwadandaula kuti zithunzi za amayi ndimajambulira patali, mumangoona nyumba ndi maluwa, iwo ali kadontho pampando. Vuto si kalenzi ayi, achimwene, kamagwira ntchito bwinobwino. Ndimachita dala. Diresi lawo la buluu lija masiku ano ndimachita kulipana ndi mapini kumbuyo kuti liwakhale.

Musandipemphenso chithunzi chapafupi. Bwerani mudzayandikire nokha, mpando ukadali pakhonde.

Ndine mlongo wanu,
wojambula wa pakhomo pano.