Amene Ankalemba Mayina

Loweruka, 1 Ogasiti 2009

Tasewera. Holo ya pa Boma yodzaza, ena kusuzumira m'mawindo. Tiyi wazizira osamwa.

Sewero langa loyamba, Basi Ikubwera. Miyezi inayi ndikulemba ana asukulu akaweruka. Tambwali Fanizo abwera ndi suti ndi chidindo, auza madala amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kuti ndalama zawo zatuluka, angolipira ya fomu ndi ya basi yokazitengera. Madala agulitsa ng'ombe. Mnzake wa Fanizo afuna kuulula, Fanizo amupha. Ndalama aziika m'bokosi pamodzi ndi mtembo, madala omwewo alinyamula mpaka pa malire a dziko akuimba nyimbo ya maliro. Polemba ndinkati pamenepa anthu adzakhala chete. Aseka mpaka mayi wina kugwa pa benchi.

Evance, amene akusewera Fanizo, anyamata amunyamula m'mwamba ngati wagoletsa chigoli. Wakupha, wakuba, m'mwamba. Ine wolemba palibe wandiona. Kaya ndikondwe.

Lamulungu, 2 Ogasiti

Mawu a Fanizo ali ponseponse. Wakabaza polandira ndalama kwa ine: "Dindani apa, madala." Sakudziwa kuti ndinawalemba ndine. Ndaseka nawo.

Potuluka m'tchalitchi kalaliki wina wa kuofesi akuuza anzake: "Koma mdala wa chipewa uja ndi mbuzi yeniyeni." Onse kuseka. Mdala wovala chipewa cholimba cha mumgodi, woima pamsewu masiku atatu kudikira basi yosabwera.

Mdala ameneyo ndi Bambo. Chaka cha 2003, ku Biriwiri. Ng'ombe ziwiri zinapita. Chakudya pamsewupo ndinkapititsa ndine, anthu akutiloza. M'gulu lathu palibe akudziwa. Ndinkadziuza kuti ndikuwalipsirira. Lero ndamva bambo anga akutchedwa mbuzi, ine ndili duu ndi buku la nyimbo m'manja.

Lachiwiri, 4 Ogasiti

Achinyamata a mpingo wa ku Biriwiri atiitana. Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha. Ndayesa kukana: mayendedwe, mphepo, bokosi lathu lolemera. Evance wayankha zonse. Ndati bola tichotse chipewa. Iye: "Aphunzitsi, chipewacho ndiye mchere wa sewero."

Ndaimbira Bambo pa foni ya oyandikana nawo. Mawu awo osangalala. "Ndamva kuti Sibongile akuseketsa Boma lonse. Tidzabwera tidzaone." Ndangoti chabwino. Mayunitsi anali akadalipo. Ndadula ndine.

Lachisanu, 7 Ogasiti

Ndachonga makope a Sitandade 6 pogwiritsa ntchito mayankho a Sitandade 5. Mwana wina walira. Ndapepesa.

Gawo la chipewa ndalilembanso katatu. Mdala wanzeru: silikoma. Mdala wopanda chipewa: silikoma. Ndang'amba zonse. Loseketsa ndi lomwe linachitikadi, basi.

Fumbi. Milomo yosweka. Kukhala pansi sindikutha, ndasesa kawiri m'nyumba moyera kale.

Lamulungu, 9 Ogasiti

Bwalo la sukulu, mphepo, mchenga m'mano. Ana kutsogolo, amayi pa zitenje, madala pa mabenchi cha kumbali. Asanu ndi awiri mwa iwo anadinda nawo fomu ija. Bambo pakati pawo, jekete la kutchalitchi, ndodo pakati pa miyendo.

Ana kuseka kuyambira pachiyambi. Akuluakulu zii. Evance wati "Dindani apa, madala," wadikira phokoso ngati la pa Boma. Palibe. Wabwerezanso mokweza. Palibe. Ndinalakalaka nditalowa pansi.

Zasinthira pa bokosi. Mayi Aida, mkazi wa malemu a Goliati, mnzawo wa Bambo wa kumgodi, ayamba kuseka. Okha. Kuseka kosaleka, atagwira m'nthiti, misozi ili mbwee. Kenako amayi ena. Kenako madala awiri, wina akuloza mnzake. A Goliati anagulitsa ng'ombe zinayi ndi ngolo. Chaka chisanathe anagwa m'munda, osadzukanso.

Bambo sanaseke, sanachoke. Chipewa chitatuluka anayang'ana nsapato zawo mpaka chinalowa.

Titamaliza mayi Aida andigwira dzanja molimba. "Mwalemba bwino, mwana wanga. Koma mwasiya munthu mmodzi. Mlendo uja nyumba zathu ankazidziwa bwanji? Amene ankalemba mayina ali kuti?" Andisiya, n'kumapita.

Ndayang'ana pa mabenchi. Bambo anali atanyamuka kale. Minibasi imatidikira, sindinafike kunyumba.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Foni zii. Ndaimba kawiri, akuti Bambo ali kudimba.

Evance wakwiya ndi anthu a ku Biriwiri, akuti sadziwa sewero. Akufuna tiwonjeze nthabwala tisanapite ku Champiti Lamulungu. Akufunanso Fanizo azivina potuluka.

Funso la mayi Aida silikundichoka. Ndikukumbukira kope lofiira pamwamba pa kabati kwathu chaka chimene chija. Ndinkayesa la kumpingo.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Ndanama kusukulu kuti dzino. Ndapita ku Biriwiri.

Bambo ndawapeza kudimba akukumba mbatata ya kachewere. Sanandipatse moni wautali. Ndatenga dengu n'kumatola pambuyo pawo. Funso sindinafunse. Ayamba okha, nkhope ili ku khasu.

"Ndinali ine."

Mlendo uja anafikira kwa iwo chifukwa kumgodi anali kapitawo, amadziwa kulemba, anthu amawamvera. Iwo ndiwo ankayenda naye khomo ndi khomo. Poyamba ankakhulupiriradi, ng'ombe zawo zinali zoyamba kupita. Sabata yachitatu anamutsatira pa Boma, anamupeza kuseri kwa nyumba yogona alendo akuotcha mafomu onse aja, zidindo za zala za anthu zili pomwepo. Munthuyo sanachite ndi mantha omwe. Anaseka, nati abweretse anthu ena khumi, awabwezera za ng'ombe zawo.

Anabweretsa asanu ndi atatu.

Womaliza anali a Goliati, amene ankakana kuyambira pachiyambi. Bambo anapitako katatu. "Anandiuza kuti, ngati ukunena ndiwe Hilary, ndidinda." Sabata yomweyo munthu uja anasowa. Bambo sanabwezeredwe kanthu.

Ndafunsa chinthu chimodzi chokha. Nanga pamsewu paja, masiku atatu, chipewa kumutu, mumadikira chiyani ngati mumadziwa kuti basi kulibe?

"Kuti andione ndikudikira nawo."

Ine ndi kambale kanga ka chakudya tsiku ndi tsiku, manyazi, kulira m'njira pobwerera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwamvera chisoni. Dengu ndalisiya pomwepo. Sindinatsanzike. Mu minibasi wina wakumbuyo amafotokozera mnzake sewero lathu, akuseka asanafike n'poseketsa pomwe.

Lachisanu, 14 Ogasiti

Sindinapite kokonzekera. Ndatumiza uthenga kuti dzino lija.

Ku Champiti sindipita. Ndipita. Ndiuza Evance apeze sewero lina. Nanga mayi Aida, amene akhala akupemphera tchalitchi chimodzi ndi Bambo zaka zonsezi akudziwa? Anaseka chiyani kwenikweni?

Bambo ndawada. Kenako ndakumbukira chifuwa chawo cha kumgodi, mwezi uno wa mphepo. Kaya akuvala juzi.

Loweruka, 15 Ogasiti

Bambo abwera. M'mawa, minibasi yoyamba, kathumba ka kachewere paphewa. Chikhalire pa Boma pano sanapondepo pakhomo panga. Akana kulowa, akhala pa mpando pakhonde.

Dzulo akuti anapita kwa mayi Aida kukaulula. Mayiwo anawamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Ndamva." Madzi akumwa sanawapatse. Kwatsala makomo asanu ndi awiri, awiri a ku Champiti.

Akuti munthu wolemba mayina uja ndimuike m'sewero mawa lomwe. Dzina ndisasinthe. Ndati Bambo, anthu adzakugendani. Akuti mwina. Ndati kusukulu kuno adzadziwa kuti ndine mwana wa ndani. Iwo: "Pamenepo ndiye usankhe wekha, mwana wanga."

Atamwa tiyi afunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana: "Nanga akalowa munthu ameneyo, anthu adzaseka?"

Sindinadziwe chimene akuopa, kuti adzaseka kapena kuti sadzaseka.

Evance abwera teni koloko ndi gulu lonse. Bambo akadali pakhonde, akudikira ndiwawerengere. Papepala pali mzere umodzi wokha: Alowa Hilary, kope lofiira m'khwapa, agogoda kwa Goliati. Zimene anene chitseko chikatseguka sindikuzidziwa. Akuzidziwa ndi iwo. Nditenge cholembera ndituluke ndikawafunse.