Hatchi ya a Declan

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Dublin kukungozizira. Kumudzi Chisomo wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Achimwene akolola ngolo ziwiri za chimanga, ati anankafumbwe ayamba kale. Nkhani zimenezi ndimazimva pa foni, ndimayankha kuti chabwino, kenako ndimakatsuka mbale. Chitisiyireni inu mtima wanga uli ngati mwendo wochita dzanzi. Misozi sinabwerebe.

Munkandiseka kuti, "Iwe Tadala, ulendo wonsewo n'kukatola nyama zakufa?" Eya amayi, ntchito ndi yomweyo. Ndimatola nkhandwe ndi ziuli zogundidwa ndi galimoto, n'kukazing'amba mu labu, kufunafuna kachirombo kosaoneka ndi maso. Ku America kachiromboka kamakhala m'nyama zakutchire, makamaka ina yonga khoswe wamkulu yotchedwa opossum. Ikachita chimbudzi pa udzu hatchi n'kudya, kamakalowa mu ubongo ndi mumsana, hatchiyo n'kuyamba kudzandira ngati yaledzera. Ine pa sukulu yangayi ndikufufuza ngati nyama za kuno nazo zimakasunga. Zaka ziwiri zatha, sindinapezepo olo kamodzi.

Kunotu chuma chagwa. Anthu achotsedwa ntchito, ena akungotaya mahatchi m'mabwalo. Ku Clondalkin kumene ndimakhala kuli bambo wina, a Declan, amene ankamanga nyumba ntchito isanathe. Akazi awo anawachokera. Chimene amadzukira m'mawa ndi hatchi yawo yaikazi, Rosie, imene inabadwira ku America, mwini wake woyamba n'kuigulitsa motchipa zinthu zitamuvuta. Mwezi watha ndinaiona ikukoka mwendo wakumbuyo, thako limodzi litaphwa. Ndinawapempha, dokotala wa ziweto anabwera kudzatenga magazi ndi madzi a mumsana.

Lachiwiri sabata yatha zotsatira zinatuluka. Kachirombo kaja! Inachita kubwera nako kuchokera kwawo. Amayi, ndinasangalala. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndinasangalala kwambiri, koyamba chaka chonsechi. Ndinatsika basi n'kuthamangira kukhola, pepala m'manja, mano onse pamtunda, ndikufuula ndili patali kuti ndakapeza.

A Declan ataona nkhope yanga anayesa ndabwera ndi nkhani yabwino. Anavula chipewa, n'kupsompsona hatchi ija pamphuno. Kenako anandifunsa kuti ndiye ichira liti.

Inu munkati uthenga wa matenda sanenera chiimire, umayamba wakhala pansi, kupereka moni, n'kuona kaye nkhope ya mwini wake. Ine mwana wanu weniweni ndinaiwala. Ndinachita kuwafotokozera, kumwetulira kusanachoke n'komwe, kuti matendawa apita patali, msana wawonongeka, ndipo mankhwala ake ngakhale akanatha kuwagula sangadzutsenso miyendo. Sanandikalipire ayi. Anangovalanso chipewa n'kunena kuti zikomo, akondwa kuti sukulu yanga iyenda bwino. Bola akanangondimenya mbama.

Dzulo Rosie inagwa, inatenga nthawi kuti idzuke. Dokotala abwera Lachisanu ten koloko kudzaibaya jakisoni woigonetseratu. Aphunzitsi anga akufuna kuti ikangofa ndikachotse ubongo ndi msana wake. Akuti mwayi wotere kuno subwera kawiri, ndipo popanda zimenezo pepala la kafukufuku wanga lilibe nyama. Akunena zoona. Koma a Declan sindinawauzebe. Iwo akuganiza kuti Rosie ichoka yathunthu.

Fomu yoti a Declan asayine kuvomereza zimenezi ili m'chikwama changa masiku atatu tsopano. Ndikudziwa kuti ndikaipereka tsiku lomwelo, jakisoni ali pafupi, asayina osawerenga. Maganizo amenewo andifikira kangapo, sindikubisirani.

Mawa ndipita kwawo. Ndikagogoda, ndikakhala pansi, ndikawauza zonse zimene mpeni wanga ukachite. Akakana, amayi, ndikulonjeza kuti Rosie sindikaikhudza, ngakhale ndibwerere kumudzi chimanjamanja.

Ndimakukondani.

Ine mwana wanu,
Tadala