Ndadula Chitenje Chanu cha Pasaka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kaya nako kumazizira ngati kuno? Ife Juni watipeza manja ali m'khwapa, nkhungu ikumaphimba phiri mpaka dzuwa kufika pamutu.

Mbatatesi ya kudimba kwanu yachita bwino, koma kabichi yense wathera mbozi. Achimwene a Fabiano afolera khitchini ija, ikudonthabe pakona, mukuwadziwa ntchito zawo. Ine ndinachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Rozina, dzina lanu. Akakwiya amakwinya chipumi ngati inu ndendende.

Koma chimene ndakulemberani n'china, ndipo mtima ukugunda ngati mwana amene waswa mbale. Amayi, ndadula chitenje chanu. Chobiriwira chija cha maluwa achikasu, chimene munkavala pa Pasaka pokha. Pogawa zovala zanu maliro atatha, azakhali anandipatsa mapisi onse awiri. Mawu anu sindinaiwale ayi: "Chitenje sadula. Diresi ndi yatchalitchi basi, koma chitenje chimabereka mwana, chimafunditsa wodwala, chimapita kumaliro."

Inu mukudziwa mmene ndavutikira ndi zovala. Chikulire changa ndakhala ndikuvala za eni. Mnzanga Mavisi akavala siketi yothina, ine liwiro pa kaunjika kukasaka yothina. Mukukumbuka nditabwera kuchokera ku Lilongwe ndi gogoda, n'kugwa chagada m'matope a panjira ya kutchalitchi? Munaseka mpaka misozi, kenako n'kundifunsa, "Mwana iwe, ukuveka thupi la ndani?" Ndinakukwiyirani sabata yathunthu, koma funsolo silinandichoke.

Ubatizo wa Rozina utayandikira ndinakhuthula sutikesi yonse pamphasa. Mulu wonsewo, panalibe n'chimodzi chomwe chonga ine. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo chinandiliza kwambiri n'choti panalibe wondiseka. Ndakusowani, amayi.

M'mawa mwake ndinanyamula pisi imodzi kupita nayo kwa atelala kumsika. Anandionetsa masitayilo a pafoni, ndinakana onse. Koyamba m'moyo wanga ndinanena zanga: diresi yaitali mpaka m'akakolo, ya manja aatali poti kwathu n'kozizira, mabatani kutsogolo kuti ndiziyamwitsa bwino, ndi matumba awiri akuluakulu oponyamo korona ndi makiyi. Sizasi italowa m'nsalu ndinatsinzina.

Lamulungu la ubatizo ndinaivala ndi juzi yanu yakuda ija ndi nsapato zafulati. Azakhali anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kutembenukira kumbali, Misa yonse osandiyang'ananso. Ndinati basi, ndalakwira mtundu. Potuluka anandikokera kuseri kwa tchalitchi, ine n'kukonzekera kukalipiridwa. Iwo anangondikonza kolala, misozi ili mbwee. Kenako anapisa dzanja m'thumba langa lija n'kuseka.

Tsiku lonse sindinakokeko siketi kapena kusuzumira zimene ena avala. Ndinayenda, ndinagwada, ndinayamwitsa, ndinavina, osakumbukira n'komwe kuti ndavala chiyani. Mwina yankho la funso lanu lija ndi limeneli, lachedwa chabe kukupezani.

Mundikhululukire poswa lamulo lanu. Pisi inayo sindinaikhudze. Ndi imene ndaberekera Rozina pamene ndikulemba pano, ndipo wagona tulo tofa nato. Ndikulonjeza kuisunga yathunthu mpaka adzakule, ndidzamuuze mawu anu onse, kenako ndidzamusiye asankhe yekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi